Matenda a Nangozo

Kwathu ku Bembeke, m'boma la Dedza, mukafunsa za Nangozo anthu sadzakulozerani mayi ayi. Adzakulozerani galimoto yoyera imene imagona pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba ya agogo anga aamuna. Ndi Peugeot 504 ya pikiapu, imene akwathu amangoti Pijo, ndipo inapangidwa mu 1984 amayi anga ali kamtsikana kosadziwa n'kusinja komwe. Agogo anaigula mu 1991 atapuma ntchito yoyendetsa malole pa esiteti ina ya fodya. Dzina la Nangozo anaipatsa okha, ati chifukwa ndi mkazi wawo wachiwiri. Ine, pokhala mdzukulu wamkazi, amanditcha "mkazi wanga" potsata nthabwala za kwathu. Choncho chiyambire ubwana wanga ndakhala pa mitala ndi galimoto.

Galimoto za mtunduwu zinayamba kupangidwa ku France mu 1968, ndipo mu 1969 zinasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chakacho ku Ulaya. Mu 1975 Ove Andersson anapambana nayo mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, m'misewu yamatope ndi yamiyala yosasiyana ndi yathu, ndipo ku Kenya komweko anapitiriza kuzilumikiza mpaka 2004. Agogo satopa nayo nkhani ya mpikisanowu. Koma kwa ife Nangozo si wa mpikisano. Ndiye amatenga mbatatesi ndi kabichi kumunda kupita nazo ku msika wa Lizulu. Wanyamulapo odwala usiku, akwati ndi maliro omwe. Fizi yanga ya ku sekondale ndi ya kuno ku yunivesite yadutsa pamsana pake.

Mavuto anayamba chakumapeto kwa 2023. Nthawiyi n'kuti maso a agogo atachita ng'ala, ndipo chiwongolero anali atasiyira amalume. Inali miyezi ija mafuta anasowa m'dziko muno, anthu n'kumagona pa mizere m'malo omwetsera mafuta, ena n'kumagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Usiku wina akuba anapopa petulo yense m'thanki ya Nangozo n'kutenga ndi chitsekero chomwe, moti amalume anagula china chokhoma ndi kiyi. Mu Novembala ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, zipangizo za galimoto n'kukwera mtengo ngati zamera mapiko. Pa nthawi yovutayi ndi pamene galimoto inayamba kuzima pamsewu.

Amalume sanakhale chete. Makaniko woyamba anati ndi mapulagi, anagula. Wachiwiri anati ndi koyilo, anagula. Wachitatu anasintha kondensa ndi fyuluta ya petulo. Aliyense mwa atatuwa ankangomva kwa amalume kuti "galimotoyi ikuvuta," palibe anakwerapo kuti aione ikuzima. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pofika Epulo 2024, pamene ndinapita kutchuthi, ndalama zokwana matumba 6 a mbatatesi zinali zitapita, koma matenda ali pompo. Kawiri konse katundu anafika ku Lizulu dzuwa lili pamutu, ogula a ku Blantyre atadzaza kale malole awo, ndipo amayi anagulitsa pa mtengo wongotaya.

Lamlungu lina madzulo banja linakhala pansi. Amalume anati kwabwera munthu wa ku Lilongwe wofuna kugula galimotoyo kuti akaiphwasule n'kugulitsa zipangizo. Sindingawanene kuti analakwa. Iwo ndi amene ankakankha galimoto pamtunda, ana asukulu akuwaseka. Koma tonse tinkadziwa kuti ndalama ya munthu uja singagule galimoto ina, ndipo kulipira galimoto za eni sabata ndi sabata kukanadya phindu lonse, fizi yanga ili momwemo. Agogo anamvetsera mpaka onse atatha, kenaka anati, "Ndipatseni sabata imodzi. Makutu ndili nawo. Maso ndi manja andibwereka mkazi wangayu."

Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala zawo zija. Ine ndimaphunzira za zilankhulo ndi zolembalemba, ndipo kufikira tsikulo ndinali ndisanagwirepo sipanala. Koma m'mawa mwake anandidzutsa tambala wachiwiri asanalire, ati nditenge kope ndi cholembera.

Sanayambe ndi kutsegula boneti. Anayamba ndi kuitana amalume n'kuwakhazika pampando. "Mwana wanga, mukati ikuvuta, ndiye kuti ikutani?" Amalume anati imazima. Agogo anafunsa ngati imazima mwadzidzidzi monga nyali ya magetsi, kapena imayamba yafooka monga koloboyi wotha palafini. Anafunsa ngati imazima kukuzizira kapena itayenda, pamtunda kapena pamtsetse, ndiponso ngati imalira msanga ikazima. Pamene amalume ankayankha ine ndikulemba, zinaoneka kuti m'mawu amodzi aja akuti "ikuvuta" munabisala matenda awiri. Oyamba: ukaponda moto mwadzidzidzi, monga polowa mumsewu wa M1, injini inkachita ngati yabanika kwa kamphindi, kenaka n'kudzambatuka. Izi zinkachitika tsiku lililonse, injini itatentha kapena isanatenthe, ndipo zinayamba kale. Achiwiri: ikayenda kwa kanthawi inkayamba kugwedezeka, mphamvu n'kumatha pang'onopang'ono mpaka zii, ndipo inkadzuka pakapita mphindi 10 kapena 15. Agogo anati oyambawo ndi kutsamwa, achiwiriwo ndi kukomoka, ndipo anandiuza kuti ndilembe pa masamba osiyana.

Kenaka anandiphunzitsa zimene anati mwana aliyense wa dalaivala ayenera kudziwa. Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu: chakudya, chimene ndi petulo wosakanizidwa ndi mpweya, mphamvu yofinya chakudyacho m'masilinda, ndi moto wofika pa nthawi yake. Kabureta ndiyo imasakaniza, ndipo muyeso wabwino ndi pafupifupi makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Koyilo imatenga mavoti 12 a batire n'kuwakweza kufika pafupifupi 20,000, ndipo distributa imagawira motowo ku mapulagi anayi motsata ndondomeko ya 1, 3, 4, 2. Za kufinya anazichotsa msanga pa mndandanda. Injini yotha mkati, anatero, imafooka masiku onse ndipo imafuka utsi; siichira chifukwa choti mwaipumitsa mphindi 10. Choncho panatsala chakudya ndi moto.

Tinayamba ndi kutsamwa chifukwa sikunkafuna ulendo. Injini ili chizimire, ndinachotsa chivundikiro cha fyuluta ya mpweya n'kusuzumira kukhosi kwa kabureta, amalume akuponda moto kamodzi mwamphamvu. Agogo anati ndiyenera kuona petulo akuthovoka ngati mankhwala otuluka m'jakisoni. Ine ndinangoona timadontho tiwiri tikutsetsereka m'mbali. Anafotokoza kuti ukaponda moto mwadzidzidzi, mpweya, pokhala wopepuka, umathamangira m'injini msanga, pamene petulo, pokhala wolemera, amatsalira m'mbuyo. Kwa kamphindi injini imameza mpweya wokhawokha. N'chifukwa chake pambali pa kabureta pali kapampu kakang'ono kokhala ndi kachikopa ka labala, kamene kamaponya petulo woonjezera pa nthawi imeneyo. Nditamasula tizomangira tinayi ndinapeza kachikopako katauma gwa ngati chikopa cha ng'oma yaikidwa pamoto, pakati pali mng'alu. Agogo anakapapasa ndi zala n'kunena kuti anakaika okha ine ndisanabadwe. Labala amauma ndi ukalamba, komanso petulo wa kuno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku zotsalira za nzimbe kuyambira 1982, pamene anayamba kumupanga ku Dwangwa, ndipo labala wa mtundu wakale sakhalitsa m'mafuta otere. Kachikopa kena kanapezeka m'chitini cha agogo cha zipangizo, kali m'pepala lake. Titakaika, petulo anathovoka, ndipo kutsamwa kunatha tsiku lomwelo.

Amalume anasangalala nati basi yachira. Agogo anapukusa mutu. "Tachiza chifuwa. Khunyu likadalipo."

Lachiwiri tinathira petulo wambiri, tinakweza matumba, n'kunyamuka tonse atatu. Agogo anakhala pakati, mutu atapendeketsa ngati akumvera wailesi ya batire lotha. Patatha mphindi 12 Nangozo anayamba kugwedezeka, n'kukomoka. Amalume anatsika ndi botolo la madzi kuti athire pa koyilo monga ankachitira masiku onse, pokhulupirira kuti ikutentha. Agogo anawaletsa. Anati matenda obwera n'kupita amagwidwa ali pomwepo. Ukachedwa umayeza munthu wochira kale. Anandiuza kuzula waya wapakati pa distributa, kumupanira pa kamtengo kouma, n'kumuyandikiza ku chitsulo cha injini kutali ndi mapaipi a petulo. Amalume atapotokola kiyi, moto wabuluu unathetheka, the! the! the! Agogo anaumva okha ndisananene. Koyilo, kondensa ndi mapointi zinali zosalakwa. Kenaka, kiyi atazimitsa, ndinasuzumiranso kukhosi kwa kabureta. Kapampu kathu katsopano sikanaponye kanthu. Kabureta inali youma. Nangozo sankafa ndi kusowa moto, ankafa ndi njala, thanki ili yodzaza.

Apa ndinaganiza kuti tafika, koma agogo anawerenga pa zala zinthu zinayi zimene zingamane injini chakudya. Fyuluta yotsekeka: koma inali yatsopano, ndipo nditaiuzira mpweya unadutsa. Pampu ya petulo yofooka: koma madzulo ake kunyumba titazula paipi n'kuiloza m'botolo, inalavula petulo mwamphamvu. Petulo wowira m'paipi chifukwa cha kutentha, n'kusanduka nthunzi imene pampu singathe kukoka: izi agogo anati anazionapo ku Golomoti ndi ku Salima mwezi wa Okutobala, osati ku Bembeke m'mamawa anthu atafunda zitenje. Kuti titsimikize, tinaisiya ikulira pabwalo mphindi 40 mpaka inatentha bwinobwino, koma sinazime. Chachinayi chinali dzimbiri kapena zinyalala za m'zigubu zoyandama m'thanki, zimene zimatseka kukamwa kwa paipi injini ikamakoka n'kugwa ikazima. Chimenechi chinkagwirizana ndi zizindikiro zonse, ndipo amalume anafuna kuti tigwetse thanki tsiku lomwelo. Agogo anati ntchito imeneyo ndi ya tsiku lathunthu, tiyambe tayendanso kawiri.

Amayi anadandaula, ndipo anali ndi chifukwa. Petulo amene tinkawotcha poyesa anali wogula ndi ndalama ya ndiwo. Masiku anali kutha, ndipo munthu wa ku Lilongwe anali ataimbanso foni. Usiku umenewo sindinagone. Ndinayatsa tochi n'kuyamba kuwerenga kope langa, mmene ndinalembanso maulendo akale amene amalume anakumbukira.

M'chaka choyamba tinaphunzira njira yodziwira ngati maliwu awiri ali osiyana m'chilankhulo. Umafuna mawu awiri ofanana paliponse kupatula malo amodzi, monga kama ndi khama, kapena pala ndi phala. Tanthauzo likasintha, wadziwa kuti kampweya kotsatira k kapena p ndiko kasintha, chifukwa palibenso china chosiyana. M'kalasi timati minimal pair. Mawu akasiyana malo awiri sungadziwe chimene chasintha tanthauzo. Ndinaona kuti maulendo a amalume onse ankasiyana malo awiri. Tsiku la msika ankakweza katundu wambiri, komanso ankadzaza thanki poopa kusowa mafuta panjira. Masiku ena galimoto inkayenda yopanda katundu, petulo ali wochepa, ndipo sinkazima. Iwo ankati vuto ndi kulemera kwa katundu. Koma katundu ndi petulo zinkakwera limodzi n'kutsika limodzi, ndiye tikanadziwa bwanji? Panalinso mzere wina umene ndinaulemba osaulabadira: tsiku lina itazima, amalume anathiramo petulo wa m'chigubu poganiza kuti watha, pakuti geji inafa kalekale, ndipo inalira nthawi yomweyo osadikira mphindi 10 zija.

M'mawa ndinawawerengera agogo zonsezi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati tichite monga ndanenera: katundu yemweyo, msewu womwewo, ola lomwelo, tisinthe petulo yekha. Lachitatu tinapopera petulo m'zigubu mpaka m'thanki munatsala wochepa, ndipo tinakafika ku Lizulu osazima. Lachinayi tinadzaza thanki, ndipo Nangozo anakomoka tisanathe mphindi 15. Katundu anali wosalakwa. Ndi dzimbiri lomwe linayamba kukayikitsa, chifukwa zinyalala zimavuta kwambiri petulo akachepa, osati akachuluka.

Tili chiimire m'mbali mwa msewu, agogo anandinong'oneza kuti ndiwafotokozere maonekedwe a chitsekero cha thanki. Ndinati n'chatsopano, chakuda, chokhoma ndi kiyi. Anafunsa ngati chili ndi kabowo. Ndinayang'ana ponseponse, panalibe. Ndinamva mtima wanga ukugunda, ndipo ndinatsala pang'ono kufuula kuti amalume ndi amene anadwalitsa galimoto. Agogo anandigwira dzanja mwamphamvu. Kenaka anakweza mawu mwaulemu: "Mwana wanga, makutu angawa akalamba. Tatsegulani chitsekerocho pang'onopang'ono, mundiuze chimene mumve."

Amalume anapotokola kiyi. Tonse tinamva: fyuuu! Mpweya unathamangira m'thanki, chitsulo chake n'kulira phu, ngati chigubu chophwanyika chikubwerera m'malo. Amalume anaima chitsekero chili m'manja. Anali atamvapo phokosolo kangapo, koma ankaliyesa chizindikiro cha chitsekero chabwino chosataya mafuta. Anayang'ana chitsekerocho, anayang'ana bambo awo, ndipo anati okha, "Thankiyi sikupuma."

Zinalidi choncho. Pampu ikamakoka petulo, mpweya uyenera kulowa m'thanki kudzatenga malo ake. Galimoto zina zimapumira pa kapaipi kapadera, zina pa kabowo ka chitsekero, ndipo yathu, chiwotcherereni thanki zaka zambiri zapitazo, inkapumira pa chitsekero pokha. Chitsekero cha amalume chinali cha galimoto zamakono, zimene thanki yake imapumira kwina, choncho chinkatseka ndithu. Zili ngati kuyamwa chakumwa m'botolo lapulasitiki milomo itamata kukamwa kwake: poyamba chimabwera, kenaka botolo limafinyika, ndipo umayamwa pachabe. Thanki ikadzaza, malo a mpweya amachepa, ndiye kukokana kumafika msanga. Ikakhala ndi petulo wochepa, mpweya ulimo wambiri ndipo ulendo umatha vuto lisanafike. Injini ikamangolira pabwalo imamwa pang'ono, moti kampweya kolowa mozemba m'mbali mwa chitsekero kamakwanira. Kampweya komweko ndiko kankaidzutsa pakapita mphindi 10. Madzi a pa koyilo aja ankangothandiza amalume kudikira.

Tinamaliza ulendowo chitsekero chili chomasula pang'ono, ndipo Nangozo sanagwedezeke ngakhale kamodzi. Pobwerera, kuti tisadzinamize, tinathiranso petulo n'kuchimanga zolimba, ndipo anakomoka monga kale. Kunyumba amalume anatenga chitsekerocho, anapita nacho kutali ndi galimoto, n'kuboola kabowo kochepa ngati ka singano yosokera matumba. Loweruka mbatatesi zinafika ku Lizulu kusanache. Munthu wa ku Lilongwe anauzidwa kuti apepese, ndipo amene anamuimbira foni ndi amalume eni ake.

Kunena zoona, sindinganene kuti maphunziro anga ndiwo anachiza galimoto. Popanda agogo sindikanadziwa ngakhale pamene pali kabureta, ndipo ndi iwo anafunsa za kabowo. Njira yosintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi anali kuidziwa ine ndisanabadwe, kungoti sankaitchula dzina. Chimene ndinabwera nacho ine ndi kope. Munthu ukamakankha galimoto pamtunda sukumbukira kuti thanki inali ndi petulo wochuluka bwanji sabata yatha, koma pepala limakumbukira. Ndinaphunziranso kuti kupeza vuto ndi ntchito ina, kulinena ndi ntchito inanso. Ndikanafuula tsiku lija, galimoto ikanachira koma pakhomo pakanadwala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinkayesa kuti mwambiwu umanena za kudikira basi.

Kope lija ndikadali nalo. Kumapeto kwake ndinayamba kulemba mawu amene agogo amagwiritsa ntchito pofotokoza matenda a injini. Ikamaphulitsa kukhosi kwa kabureta amati ikutsokomola. Silinda imodzi ikasiya kugwira ntchito amati ikutsimphina. Ikamataya oyilo amati ikukha magazi. Pafupifupi onse ndi mawu a thupi la munthu, ndipo lililonse limaloza malo ake oyambira kufufuza. Mayina a zipangizo tinabwereka ku Chingerezi, koma mawu ofotokoza zimene zipangizozo zikuchita ndi athu. Nditabwerera kuno ndinapeza kuti ndalemba mawu 31, ndipo ndikapita kutchuthi ndimaonjezera, chifukwa agogo akukalamba ndipo amakaniko achinyamata ambiri akuzolowera galimoto zoyezedwa ndi kompyuta.

Pali kanthu kena kamene ndinakalemba pa tsamba lomaliza. Sabata yonse ija amalume ankati "galimotoyi yazima," "ikuvuta," "tiigulitse," kuiika m'gulu la mbale ndi njinga. Agogo okha ndi amene ankati "Nangozo wakomoka," "akumva njala," kumuika m'gulu la anthu. Loweruka lija pobwera ku msika, amayi anatuluka m'khitchini n'kufunsa mmene tayendera. Amalume anatsika, anamenya boneti ndi chikhatho kawiri, nati, "Achemwali, musadandaule. Wadzuka ameneyu."

Agogo anali pakhonde akuwothera dzuwa. Sananene kanthu kwa amalume. Anangotembenukira kumene kunkamveka mapazi anga nati, "Iwe mkazi wanga, usachite nsanje. Kamutungire madzi mkazi mnzako, wabwera ndi fumbi."